Mzinda Uli Kubwera ku Chongwe: Tisaulole Kumanga Nyumba Yopanda Khomo

Akulu amene anali kuyenda pa mseu wa Great East m'zaka za m'ma 1980 akumbukira bwino kuti munthu akacoka ku Lusaka, napitirira Chelston ndi mphambano ya ku bwalo la ndege, maso ake anali kukumana ndi minda, ng'ombe ndi chire kufikira pa boma la Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera pakati pa mzinda. Lero lino woyenda pa mseu womwewo aona mipanda ya njerwa, zikwangwani zotsatsa mapuloti, milu ya mcenga ndi miyala, ndi madenga atsopano ong'anima m'maso. Ku Silverest kampani ya ku China inamanga nyumba zambiri zofanana m'kati mwa mpanda umodzi, ndipo University of Lusaka inatsegulako sukulu yake. Kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lathu lino ndipo nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2021, malo a Meanwood adzaza ndi nyumba. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe ndi oposa 2 miliyoni mu Lusaka. Mtsuko ukadzaza madzi amasefukira pambali, ndipo mbali imodzi imene Lusaka ali kusefukira ndi kwathu kuno.

Ife sitiri kulemba mau awa kuti titsekereze mzinda panjira. Tinalira mseu wa tara, magetsi, zipatala ndi masukulu, ndipo walira mvula walira matope: kumene kwafika zinthu zimenezi kumafikanso anthu ofuna pogona. Anthuwo ndi ana a dziko lino monga ife, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu enieni amene anapita kukaphunzira nabwerako ndi mabanja. Funso limene tiyenera kuliyankha pa misonkhano yathu ya m'midzi ndi lakuti, kodi mzinda umenewu ukadzakhazikika pa minda ya makolo athu, mlimi wa ku Chongwe adzalowera pati ndi dengu lake? Yankho lathu ndi ili: nyumba iriyonse yosanjikizana imene imangidwa m'boma lino ikhale ndi masitolo pansi pake oyang'ana kumseu, malo alionse omangapo nyumba zambiri akhale ndi msika wake, ndipo zimenezi zilembedwe pa pepala nthaka isanaperekedwe.

Phunziro la ku Lusaka

Tiyeni tiyambe tayang'ana kwa mnansi wathu, pakuti cimene cinaoneka kumeneko ndico ciri kudza kuno. Mbiri imati dzina la Lusaka linacokera kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali ca ku Manda Hill, pafupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo lero. Njanji inafika mu 1905. Mu 1931 boma la atsamunda linaitana Pulofesa Stanley Adshead wa ku Britain kuti ajambule mapulani a likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Mapulaniwo anali a mzinda wa mapuloti aakulu, mitengo ndi maluwa, wokomera Azungu okhala ndi magalimoto. Nyumba zinaikidwa kwa zokha, maofesi a boma kwa okha, ndipo masitolo anatsalira kwa okha m'mbali mwa njanji kumene kuli Cairo Road. Munthu wakuda anawerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, wogona m'komboni, amene nchito ikatha ayenera kubwerera kumudzi. Za mai wogulitsa ndiwo panalibe amene anaziganizira.

Acikulire akumbukiranso kuti m'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, nalandira nyama yokulungidwa kale asanaione. Ndico cifukwa cake m'zaka za m'ma 1950 cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi a Harry Nkumbula, cinauza anthu kuti aleke kugula m'mabucha ndi m'masitolo otere. Motero mbali imodzi ya nkhondo ya ufulu wathu inamenyedwera pakhomo la sitolo. Ufulu unadza mu 1964 ndipo kazenera kanatsekedwa, koma maganizo olekanitsa pogona ndi pogulitsira anatsala m'mabuku a khonsolo ndi m'mitu ya ojambula mapulani.

Anthu atakhamukira ku Lusaka pambuyo pa ufulu, boma linayesa njira zingapo zowapezera pogona. Bungwe la National Housing Authority linakhazikitsidwa mu 1971. Ku Kabwata kunamangidwa mafulati. Lamulo la 1974 linavomereza makomboni ena amene kale anali kuonedwa ngati osaloledwa, ndipo m'makomboni monga Chawama ndi George munakonzedwa miseu ndi mipope ya madzi mothandizidwa ndi World Bank. Mu 1996 nyumba za makhonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo. Zonsezi zinali kuyankha funso lakuti munthu agona kuti. Funso lakuti agulitsira kuti linatsalira m'mbuyo. Koma njala siidikira mapulani. Patsogolo pa nyumba panamera kantemba, pa mphambano iriyonse panakhala mai ndi mulu wa matimati, ndipo misika monga Soweto inadzaza kufikira anthu anasefukira m'miseu ya Lumumba, Freedom Way ndi Cairo.

Pambuyo pake kunadza masitolo akuluakulu omangidwa pamodzi: Manda Hill mu 1999, Arcades mu 2003, Levy mu 2011, kenaka East Park, ndipo pa mphambano ya ku bwalo la ndege, pakhomo penipeni pa boma lathu, pali Garden City ndi Waterfalls. Malo awa ndi okongola, apatsa ena nchito, ndipo sitiwanyoza. Komabe taonani mamangidwe ake. Kutsogolo kwake ndi bwalo la magalimoto, cifukwa womanga ayembekezera wogula wobwera pa galimoto. Lendi ya cipinda cimodzi mlimi wamng'ono sangaikwanitse. Sitolo yaikulu ifuna katundu woculuka, wofanana msinkhu, wofika sabata iriyonse ndiponso wokhala ndi mapepala ake. Mai wa madengu awiri a cibwabwa alibe polowera.

Zotsatira zake tinaziona tonse. Pa 4 July 2017 City Market inapsa ndi moto, ndipo amalonda ambiri anataya katundu ndi malo ao. Mu October caka comweco kunabuka kolera, ndipo mu January 2018 asilikali anatumidwa kukacotsa ogulitsa m'miseu. Matendawa anabweranso mu October 2023 ndi mphamvu yoposa, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lino, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Kolera imabadwira m'madzi oipa ndi pamalo opanda zimbudzi. Wogulitsa pa mseu sanasankhe kukhala pafupi ndi ngalande cifukwa coikonda ai. Mzinda sunamkonzere malo ena pamene pali ogula. Mumcotse lero, mawa abwerera, pakuti wogula ali pomwepo ndipo ana kunyumba afuna nsima.

Mpanda ndi dengu

Tsopano tibwerere kwathu. Taganizirani mai wa ku Kanakantapa kapena wa m'mbali mwa mtsinje wa Chalimbana amene ali ndi dimba la matimati, repu ndi impwa. Makilomita owerengeka kucoka pa dimba lake pamangidwa nyumba mazana angapo m'kati mwa mpanda. M'nyumba iriyonse muli mphika wofuna ndiwo m'mawa ndi madzulo. Mwa nzeru za munthu aliyense, maiyu wapeza msika pakhomo. Koma akafika pa cipata apeza mlonda amene anauzidwa kuti ogulitsa asalowe, ndipo kunja kwa mpanda palibe mthunzi, palibe madzi, palibe cimbudzi, palibe ngakhale pamene lamulo limlola kuyala thumba lake. Cimene cimtsalira ndi kudzuka usiku, kulipira galimoto ya iye mwini ndi ya mabokosi ake kufika ku Soweto, kumeneko nkugulitsa pa mtengo umene amuuza anthu oima pakati pa mlimi ndi wogula, cifukwa sangabwerere nao matimati akupsa kumudzi.

Tsiku lomwelo wokhala m'mpanda uja akwera galimoto yake kupita ku Lusaka, nagula matimati omwewo pa mtengo wokwera, nabwera nao pa mseu womwewo, kudutsa pafupi ndi dimba limene anacokera. Mlimi waluza, wogula waluza, ndipo ndalama imene ikanazungulira m'boma la Chongwe yatsala kwina. Kodi cimeneci tingaciche citukuko ca Chongwe? Nthaka ndi yathu, madzi ndi athu, miseu ipanikizika kwathu, koma phindu la malonda lipitirira pamutu pathu monga mtambo wosagwetsa mvula.

Taganiziraninso za ana athu. Pamalo pamene pali nyumba zokhazokha, nchito imene mwana wa m'mudzi angapeze ndi ya ulonda, yosesa m'nyumba kapena yothirira maluwa. Nchito iriyonse yoona mtima iyenera ulemu, ndipo sitinyoza amene adya thukuta lao mwa njira imeneyi. Koma nkosayenera kuti mdzukulu wa mwini munda akhale ndi mwai umodzi wokha pa nthaka ya agogo ake, mwai wotsegulira ena cipata. Ayenera kupeza pamene angatsegule khomo lake la iye mwini, nalemba dzina lake pamwamba pake.

Nyumba pamwamba, sitolo pansi

Ena adzadabwa kuti ife a kumidzi tiri kuyamikira nyumba zosanjikizana, zimene ambiri aziona ngati za anthu a m'tauni. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali itenga malo okwana masikweya mita 600. Mabanja 100 opatsidwa mapuloti otere adya mahekitala 6, tisanawerenge miseu. Mabanja 100 omwewo angakhale m'nyumba zisanu, iriyonse ya nsanjika zinai pamwamba pa masitolo, mabanja asanu pa nsanjika iriyonse, ndipo zonsezo pamodzi ndi bwalo la ana ndi msika zingakwane pa mahekitala awiri. Mahekitala anai otsalawo ndi munda wa cimanga, dambo la ng'ombe, kapena manda a makolo amene sanafukulidwe. Mzinda umene ukwera m'mwamba usiyira mlimi pansi polima. Mzinda umene uyenda cokwawa, puloti ndi puloti, umeza minda monga moto wolusa m'cilimwe.

Ubwino waciwiri uli pa cipinda ca pansi. Mabanja 100 okhala pamodzi ndi msika wokwanira kudyetsa wogulitsa ndiwo, wogulitsa nyama ndi nsomba, telala, wometa, wokonza mafoni ndi njinga, wogulitsa mankhwala, wotumiza ndalama pa foni, ndi wogulitsa mbeu ndi feteleza. Alimi a mkaka a ca ku Palabana angakhale ndi sitolo ya kopaletivu yao, alimi a nkhuku ndi mazira cimodzimodzi. Wokalamba ndi mwana sayenera kukwera basi kuti agule mcere. Nyali za masitolo ziunikira mseu madzulo, ndipo pamene pali anthu ogula ndi ogulitsa mbala icita manyazi. Mseu woopsa ndi uja wopita pakati pa mipanda iwiri yaitali, wopanda zenera kapena khomo, pamene munthu angakuwe popanda womumva. Womanga nyumba naye sataya kanthu, popeza lendi ya masitolo imthandiza kubweza ndalama zake.

Zimenezi si zacilendo. Amalonda a ku Kamwala mu Lusaka ndi a ku Down Shops ku Chipata anadziwa kalekale ubwino wokhala pafupi ndi sitolo, ndipo malo amenewo anakhala a moyo cifukwa masitolo ake ayang'ana kumseu, kumene apita anthu oyenda pansi. Anzathu amene amakagula katundu ku Dar es Salaam adziwa Kariakoo, kumene nyumba zazitali ziri ndi masitolo pansi ndi zipinda pamwamba. Kutali ku Asia, dziko laling'ono la Singapore linakhazikitsa bungwe lomanga nyumba mu 1960, ndipo anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse kumeneko anakhala m'mafulati a bungwelo. Nalonso linali ndi anthu ambiri ogulitsa zakudya m'miseu mopanda ukhondo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma linawamangira misika yokhala ndi denga, madzi, ngalande ndi motaya zinyalala, yambiri mwa iyo pakati pa mafulati omwewo, kenaka nkuwasamutsiramo. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wa misika imeneyo pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu. Iwo anayamba ndi kumanga malo, kucotsa anthu pa mseu kunadza pambuyo.

Zimene otsutsa anena

Tiyenera kumva ndi mbali inayo, pakuti mlandu suweruzidwa pomva munthu mmodzi. Ena akuti anthu amagula nyumba m'mpanda pothawa phokoso, litsiro ndi akuba, ndipo masitolo adzabweretsa zomwezo. Mantha amenewa tiwamvetsa. Koma litsiro la pa msika licokera pa kusowa kwa mpope, cimbudzi ndi galimoto yocotsa zinyalala, ndipo izi ndi zinthu zimene zingalembedwe m'mapulani kuyambira pa ciyambi. Phokoso lingaletsedwe mwa kusankha malonda oyenera pansi pa nyumba zogona anthu: mabala, cigayo ndi oocherera zitsulo apatsidwe malo ao patali. Khomo lokwerera ku nyumba za pamwamba likhale lapadera ndi loko wake, masitolo ayang'ane kunja. Wofuna mpanda kumbuyo kwa nyumba yake aumange, koma mbali yoyang'ana mseu wa anthu onse isakhale khoma lopanda maso.

Cotsutsa cina ndi colemera koposa, ndipo ndi ca madzi. Nyumba yosanjikizana yopanda madzi a m'mipope ndi ngalande zocotsa zonyansa ndi tsoka loposa komboni. Anthu a pa boma la Chongwe adziwa kuti damu la pa mtsinje wa Chongwe laphwapo kangapo m'zaka za cilala, kufikira madzi anali kubwera pa magalimoto a matanki. Mu February 2024 boma linalengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi ya dziko lonse, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba. Nkhalango ya Lusaka East, yochedwa Forest 27, kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana, mbali zake zina zinacotsedwa pa citetezo kuyambira mu 2017 kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika kumakhoti. Ndiponso pamene puloti iriyonse ikumba citsime cake pafupi ndi dzenje la cimbudzi ca mnansi, madzi a pansi aipa, monga zinacitikira m'madera ena a Lusaka amene ali pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu.

Koma mfundo imeneyi, ikaganiziridwa bwino, iri kumbali yathu. Nkwapafupi kufikitsa mpope umodzi ndi ngalande imodzi kwa mabanja 100 okhala pa mahekitala awiri kusiyana ndi kuwalondola pa mapuloti omwazikana. Cofunika ndi cakuti madzi ndi ngalande zitsogole, njerwa zitsatire. Nyumba zisapitirire nsanjika zimene munthu angakwere ndi miyendo magetsi atazima. Ndipo oyang'anira mamangidwe a ku khonsolo agwire nchito yao mosaopa munthu ndi mosalandira kanthu, pakuti ku Kariakoo komweko nyumba yosanjikizana inagwa mu November 2024 nipha anthu ambiri. Titengeko cabwino, coipa ticisiye komweko.

Mphamvu iri m'manja mwa yani?

Abale ndi alongo, musaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya akatswiri a ku Lusaka okha. Pa 30 June 1975 mtsogoleri woyamba wa dziko lino, a Kenneth Kaunda, analengeza kuti nthaka yopanda kanthu isagulitsidwenso, ndipo lamulo la caka cimeneco linasandutsa malo a umwini wamuyaya kukhala obwereka kwa zaka 100. Lamulo la nthaka la 1995 linasintha zinthu: nthaka inakhalanso ndi mtengo, ndipo panatseguka njira yakuti malo a mafumu asandulike malo a cikalata ca zaka 99. Koma lamulo lomwelo linena kuti kusandulika kumeneku kufunika cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo, ndiponso kuti anthu amene nkhaniyo iwakhudza afunsidwe. Apa ndi pamene pali mphamvu yathu. Tsiku limene womanga afuna siginecha ndilo tsiku limene amamva mau a anthu a m'mudzi. Cikalata cikatuluka, malowo sabwereranso kwa mfumu, ndipo madzi akatayika saoleka.

A Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II analankhula kangapo poyera kukana kuti malire a Lusaka afutukulidwe kulowa m'dziko la Asoli. Koma mzinda suyembekeza kuti malire asinthidwe pa mapu. Umalowa puloti ndi puloti, kudzera m'mapangano a anthu awiri pansi pa mtengo. Ndico cifukwa cake tifunika malamulo odziwika kwa nyakwawa aliyense. Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015 lilola khonsolo kupangana ndi mfumu za mapulani a malo a mafumu, ndipo lifuna kuti anthu apatsidwe mpata wonena maganizo ao mapulani asanavomerezedwe. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'mawadi. Lamulo la misika la 2007 liika misika m'manja mwa makhonsolo ndi mabungwe oyendetsa misika. Thumba la citukuko ca dera la phungu, la CDF, linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Zida ziripo. Khasu losagwiritsidwa nchito licita dzimbiri pakhonde.

Zimene tiyenera kupempha

Motero tipempha kuti nkhani izi zikambidwe m'midzi, m'makopaletivu, m'machalichi ndi m'makomiti a mawadi, kenaka ziperekedwe kwa makhansala ndi kunyumba ya mfumu.

Coyamba, malo alionse aakulu ofuna kugawidwa mapuloti asavomerezedwe kufikira mapu ake ataonetsa pamene padzakhala msika, sukulu, cipatala ndi poima mabasi, ndipo malo a msika alembedwe m'dzina la khonsolo kuti asadzagulitsidwe mwakacetecete.

Caciwiri, msika ukhale pa njira imene anthu apita, pafupi ndi poima mabasi. Msika woikidwa kuseri, kumene kulibe wopita, umakhala wopanda anthu pamene ogulitsa ali pa mseu.

Cacitatu, pa boma la Chongwe, m'mbali mwa mseu wa Great East ndi pafupi ndi masukulu aakulu monga Chalimbana University, nyumba iriyonse yosanjikizana ikhale ndi masitolo pansi, ndipo ena mwa iwo akhale ang'onoang'ono kuti lendi yake aikwanitse munthu woyamba malonda. Patsogolo pake pakhale njira yotakata ya oyenda pansi ndi khonde la mthunzi.

Cacinai, mabanja amene apereka minda yao, amai a m'midzi yozungulira ndi makopaletivu a alimi akhale oyamba kupatsidwa malo pa msika watsopano, ndipo maina a olandira aikidwe poyera pa khoma la khonsolo. Malo a pa msika asagawidwe poyang'ana khadi la cipani ciriconse kapena cibale.

Cacisanu, pasamangidwe nyumba yosanjikizana pamene sipanafike madzi a m'mipope ndi ngalande, ndipo madambo, magwero a mitsinje ndi manda zisakhudzidwe.

Mau kwa ogulitsa minda

Tiri ndi mau apadera kwa inu amene wogula wafika kale pakhomo panu ndi ndalama m'thumba. Tidziwa kuti fizi ya mwana ndi bilu ya cipatala siziyembekeza, ndipo sitiweruza munthu. Koma safunsa anadya phula. Musanasaine pepala lirilonse, itanani banja lonse, pamodzi ndi akazi amasiye ndi ana amasiye amene adyera m'munda womwewo. Funsani nyakwawa, funsani ku khonsolo cimene ciri kukonzedwa pa malowo. Ngati munda wanu uli m'mbali mwa mseu, dziwani kuti mbali ya kumseu ndiyo ya mtengo wapatali, pakuti ndiyo idzakhala ya masitolo; gulitsani kumbuyo ngati nkofunika, koma kutsogolo sungani. Ndipo pokambirana ndi womanga, kumbukirani kuti ndalama yolandira tsiku limodzi itha, pamene sitolo imodzi yolembedwa m'dzina la banja idyetsa ana ndi adzukulu. Pangano lotere lilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni, cifukwa lonjezo la pakamwa limauluka ndi mphepo.

Caka ciriconse pa mwambo wa Chakwela Makumbi Asoli asonkhana kupempha mvula, ndipo mfumu ibzala mbeu zoyamba pamaso pa anthu. Mwambo umenewu ukhala ndi tanthauzo pokhapo ngati patsala munda wobzalamo ndi msika wogulitsirapo zokolola. Makolo anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Lusaka anamangidwa popanda kufunsa mlimi, wogulitsa ndiwo kapena woyenda pansi, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akulipira mtengo wa colakwa cimeneco. Chongwe akali ndi mwai, popeza mbali yaikulu ya boma lino ikali minda ndipo mapu ambiri sanajambulidwe. Tipite ku misonkhano ya mawadi, tifunse kuona mapulani, tilankhule nthaka ikali m'manja mwathu. Alendo adze, amange, akhale nafe mwamtendere. Koma pansi pa nyumba zao pakhale khomo limene mlimi wa ku Chongwe angalowepo ndi dengu lake masana, mopanda kupempha mlonda.